Mbale za Bambo Padzuwa

Panali munthu wina, bambo wachikulire wokonza mawailesi, amene ankasunga mbale za galamafoni za nyimbo za blues, zakuda zazikulu zija zoyimba ndi singano. Ankati pa mbale umamva mpaka woyimba akukoka mpweya ndi chala chikutsetsereka pa nsambo ya gitala, pomwe pafoni munthu yemweyo amamveka ngati amutsekera m'chitini.

Mwana wawo wamkazi anakula akumva malamulo a mbalezo: siigonekedwa, siigwiridwa pakati, ndipo isaone dzuwa. Iye ankangoseka, n'kumati bambo akanalera ana ngati mmene amalerera mbale, bwenzi onse ali onenepa.

Kenako bambowo anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, mawu anatsekeka. Mwanayo anawatenga kukakhala nawo kwake, pamodzi ndi galamafoni ndi makatoni a mbale. Kulankhula sankalankhula, koma akawaikira mbale ankang'ung'udza motsatira, chala chakumanzere chikugunda pampando. Adokotala anati asasiye, mwina mawu angadzabwerere njira yomweyo.

Mvula itatha, mayiyo, mwana wawo uja, anapeza mbale zitachita chuku. Anadzuka m'mawa, anazitsuka bwinobwino imodziimodzi, n'kuziyanika pa lata lomwe linali pabwalo. Bambo ake anali pampando wawo pawindo. Ataona, anayamba kubuula ndi kumenya mpando.

"Mukufuna kuchimbudzi, bambo?"

Anapukusa mutu.

"Tiyi?"

Analoza panja.

"Eya, ndazitsuka zonse. Muona mmene ziwalire."

Anawapukuta dovu, anawakonzera pilo. Poganiza kuti dzuwa likuwathobwa m'maso, anatseka katani, n'kupita kumsika.

Pobwera anapeza mbale zonse zitapindika ngati masamba ouma. Anaika imodzi pa galamafoni, singano inangodumphadumpha n'kugwera kumbali. Anayesa ina, chimodzimodzi. Mwamuna wake anazipanikiza pansi pa mabuku ndi njerwa, koma sizinawongoke. Anafunsa kwa anzawo akale a bambowo, onse anati mbale ikapsa ndi dzuwa yapita.

Mayiyo anafufuza nyimbo zomwezo pafoni, oyimba omwewo, n'kuwaikira pafupi ndi khutu. Bambowo anamvetsera pang'ono, kenako anatembenukira kukhoma. Chala chija sichinagunde.

Mayiyo anagwada pafupi ndi mpando.

"Bambo, munandiuza. Ndipo tsiku lija mumandiuzanso, ine n'kukutsekerani katani. Ndikhululukeni."

Bambowo anaika dzanja lamoyo lija pamutu pake. Milomo inagwedezeka, koma mawu sanatuluke.

Akuti mpaka lero galamafoni ili pomwepo, mayiyo amaipukuta fumbi. Bambowo sanang'ung'udzenso. Amene anandifotokozera nkhaniyi anapempha kuti tiziwakumbukira awiriwa m'mapemphero, ndipo ine ndangoinena mmene ndinaimvera.

Phunziro: Zimene makolo amatiuza akadali ndi mawu tizisunge, ngakhale zikuoneka zazing'ono, chifukwa tsiku lina sadzatha kubwereza. Ndipo wodwala akamavutika kuti atiuze kanthu, tisamuyankhire tokha. Tiime, tiyang'ane kumene akuloza. Mayiyu anali ndi mtima wabwino, koma sanamvetsere. Tumizirani ena, makamaka amene akusamalira makolo odwala. Mulungu awapatse kuleza mtima.