Malaya Osita a Mkamwini

Mkamwini wanga ananama, ndipo ananama chipewa chili kumutu, m'nyumba mwanga.

"Lole yanu inachedwa paboda, bambo. Za mapepala a katundu mukuzidziwa."

Mkazi wake, mwana wanga, ankangolowa n'kutuluka, akusuntha mipando imene inali kale m'malo mwake.

"Boma linathetsa mizere ya paboda ija," ndinatero. "Masiku ano zonse zimathera pawindo limodzi, ndipo anzanu akudutsa tsiku lomwelo. Nanga inu, amene mwagona m'lole masiku onsewa, malaya amenewa wakusitirani ndani?"

Anayang'ana kolala yake. Mwana wanga anasiya mpando umene ankasuntha.

Ndinamulanda makiyi a lole. Tsopano amasenza matumba m'sitolo yanga, pomwe mkazi wake amamuona tsiku lonse, ndipo chipewa amachivulira pakhomo.