Wailesi ya Pansi pa Mpando

Kodi ndani anauza apolisi a pachipata cha malire kuti pansi pa mpando wa galimoto ya Ova panali wailesi? Yesani kulota. Funso lomweli ndilo linkamudya mumtima mlongo wake wamkulu, mayi wosoka zovala amene anthu ankangomutcha Telala, ataima padzuwa chikwama chili m'manja.

Galimotoyo anali ataiimitsa pambali, pafupi ndi ngalande yonunkha mikodzo ndi makoko owola a nthochi. Wapolisi wamkazi anatsegula chitseko, anagwada, n'kukoka chiguduli chimene chinali pansi pa mpando. Panaoneka zinthu ziwiri: wailesi yolankhulirana ndi kabokosi kakuda kotchedwa sikana, kamene kamatola mauthenga a apolisi mumlengalenga. Wapolisiyo sanafufuze kwina. Sanatsegule ngakhale chikwama chimodzi. Anangolunjika pamenepo ngati anaikapo ndi iye.

Ntchito ya Ova inali yokoka magalimoto owonongeka. Sikanayo ndiyo inkamuuza kumene kwachitika ngozi, iye n'kuthamangirako ovulala asanatoledwe n'komwe. Telala ankanyansidwa nayo ntchitoyi, ankati ndi kadyedwe ka muimba. Dzina loti Ova linachokera pa wailesi ija, pomwe wolankhula akamaliza amati ova, pakuti mkuluyo ankamaliza nalo mawu ake onse, ngakhale popempha mchere patebulo.

Koma tsikuli za miimba zinalibe ntchito. Bambo awo anali gone m'chipatala cha kutsidya kwa malire, mpweya ukuvuta, ndipo anali ataitanitsa mwana wawo wamwamuna. Bambowo ndi Ova sankalankhulana chiyambire pamene Ova anagulitsa chigayo cha bambo ake mobisa n'kugula galimoto yomweyi. Telala anayenda mpaka nsapato kuperepeseka, kunyengerera uyu, kunyengerera uyo. Ova atavomera, anachita kutsuka galimoto n'kuvala malaya oyera. Namwino anali atanena pafoni kuti asachedwe.

Ova anabwerera kuchokera kwa apolisi aja akupukusa mutu. Anafotokoza kuti m'dziko linalo munthu wamba saloledwa kukhala ndi sikana, ndipo wailesi yolankhulirana imafuna chilolezo cha boma la kumeneko, chimene iye analibe. Galimoto aigwira. Anatukwana lamulo, anatukwana amene analilemba, anamenya boneti ya galimoto ndi chibakera mpaka anthu a pamzere kucheuka.

Telala sanakangane ndi lamulo. Chimene chinamuwawa chinali kazitape, ndipo ankamudziwa. Atangofika pachipatapo m'mawa, panabwera bambo wina wa jekete lonyezimira ndi litsiro, mmodzi mwa aja amakhalira kuzungulira apaulendo n'kumati awafulumizitsira mapepala. Anasuzumira pawindo, mutu wonse m'kati, fungo la mowa wadzulo n'kudzaza galimoto. Telala anamuthamangitsa ngati nkhuku yolowa m'khitchini. Tsopano bamboyo anali atatsamira khoma la ofesi, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi, akucheza ndi mlonda. Maso awo atakumana, anamwetulira n'kulavula pambali.

Telala anamutukwana chamumtima. Munthu wamkulu ndevu pepeya, kudyera pakamwa ngati ntchentche ya pachilonda. Kungomukana basi, iye n'kukatsekera khomo nkhalamba imene ili pafupi kutsikira kulichete.

Telala anauza Ova kuti aisiye galimotoyo pomwepo, awoloke wapansi, kutsidyako akakwere basi. Galimoto ndi chitsulo, chimadikira.

"Achemwali, ndikangosuntha pano andimanga," anatero Ova, maso ali pansi. "Akuti mwini galimoto asachoke mpaka abwana awo abwere, ndipo sakudziwika kuti abwera liti. Pitani inu. Mukawauze bambo kuti ndinanyamuka."

Nthawi imeneyi sananene kuti ova. Telala anamumvera chisoni. Anamukonza kolala ya malaya oyera aja, imene inali itapindika, n'kumuuza kuti asadandaule, Mulungu akuona. Foni inalira m'chikwama. Anali namwino uja, kufunsa ngati ayandikira. Telala anayankha kuti ali m'njira, koma sanatchule kuti ali yekha. Ankaganiza za mmene bambo ake akatembenuzire mutu kuyang'ana kuchitseko, kufunafuna munthu wachiwiri.

Anadutsa pafupi ndi bambo wa jekete uja osamupatsa moni. Bamboyo anati, "Mayi, mukanandimvera." Telala anangopitirira.

Pakachipata ka oyenda pansi anapeza wapolisi wamkazi yemwe uja akuona ziphaso. Telala anapereka chake. Anafuna kukhala chete, koma mtima unakana.

"Amayi, lamulo lanu sindikulitsutsa. Koma kazitape wanu wa jekete uja mumuuze kuti kutsidyaku kuli munthu amene afe osaona mwana wake chifukwa cha pakamwa pake. Nanunso, kugwira munthu wopita kumatenda chifukwa cha kabokosi?"

Wapolisiyo anamubwezera chiphaso.

"Mlongo wanu palibe wamugwira, mayi. Tamuuza kuti amasule zipangizozo, azisiye muofesi, adzazitenge pobwerera. Madalaivala amatero tsiku ndi tsiku. Iye wakana."

"Nanga za pansi pa mpando anakuuzani ndani?"

"Mwini wake. Inu muli pamzere wodinditsa ziphaso, anabwera yekha kudzatilozera."