Chibangili cha Malita

Meshack anaima m'mphepete mwa munda wa mpunga ku Likangala, foni ili kukhutu.

"A boma atikanira, bambo," anatero loya wake. "Akuti chibangili chanu si chachilendo. Foni imanjenjemera kale, ndiye mmisiri aliyense akanaganiza zomwezo. Patenti, chikalata choti lusoli ndi lanu, sakupatsani, ndipo kampani imene imafuna kupanga zambiri yabwerera m'mbuyo."

"Aliyense? Nanga anali kuti zaka zonsezi?"

Chibangilicho anachipangira Malita, mwana wake wosaona komanso wosamva, kuti chizimuuza mawu pomugunda pakhungu. Tsopano chinali chitayamba kufa, ndipo zipangizo zokonzera china analibe.

Malita, amene anali pambali pake, anamukanda pachikhatho, kufunsa kuti zatha bwanji. Meshack anadina batani lotumizira mawu oti "dikira" ku chibangili cha mwanayo. Chibangili sichinanjenjemere.

Mwanayo anangodikirabe, atatambasula dzanja.