Nkhupakupa za Bluey

"Mayi Noelene, galu wanu Bluey ali bwinobwino," anatero dokotala wa ziweto wa m'tauni ya Katherine. "Makina apezadi mabakiteriya m'nkhupakupa munatola m'kanyumba kake zija, koma magazi zinayamwawo si a galu. Ndi a munthu."

Noelene anacheukira mwamuna wake, yemwe ankadzikanda m'khwapa. Bamboyu ankalumbira kuti Loweruka anachoka msanga kumowa n'kudzagona pambali pake.

"Inu a Clarrie, munagona kuti?"

"Paja chitseko unakiya, mkazi wanga."

"Nanga amene ndinamufunditsa bulangete, n'kumuyamikira kuti lero sakununkha mowa, anali ndani?"

Clarrie anayang'ana kudenga. Dokotala anatsokomola.

Bluey anagwedeza mchira.