Manyowa a Azungu

Ngolo ya manyowa inali itachedwa ndi masabata awiri, ndipo a Tumbikani khosi linali litawawa ndi kusuzumira kumsewu. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana. Nsenjere zawo, zimene bungwe lina limagula n'kuumba makala ophikira, zinkafunika manyowa mvula isanagwe. Kupanda apo, ulemu wa mlimi wachitsanzo, umene anaugwira zaka zitatu, ukanapita kwa wina.

Manyowawo sanali a ng'ombe ayi. Bungwelo linkapopa zimbudzi, kuyanika zotulukamozo miyezi ingapo mpaka fungo litatha, kenaka n'kugawira alimi a nsenjere. Anthu ambiri ku Senga Bay ankalandira atagwira mphuno. Koma a Tumbikani, mphunzitsi wopuma pantchito, ankalandira akumwetulira, chifukwa anali ndi nzeru zawozawo. Ulendo uliwonse ankapatsa Binali, woyendetsa thirakitala ya bungwelo, nkhuku imodzi kuti aziwabweretsera za kumaloji zokhazokha, kumene kumagona alendo akunja.

"Mzungu amadya nyama ndi batala," ankatero pouza anzawo pa bawo. "Ndiye zotuluka mwa iyeyo mungafanizire ndi za munthu wodya usipa wouma? Sayansi imeneyo, anzanga."

Nanga akanawatsutsa ndani? Nsenjere zawo zinkabisa munthu ali panjinga. Alendo a bungwe akabwera ankajambulitsa m'munda mwawo, eniake ataima pakati, atamanga tayi ya nthawi ya uphunzitsi ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Chinkawasowetsa mtendere n'chimodzi chokha: chimbudzi cha asodzi chimene chinali pagombe, kumunsi kwa mundawo. Alendo awo ankadutsa pomwepo, n'kumalambalala mzere wa amuna onunkha nsomba. A Tumbikani ankachita nazo manyazi kwambiri. Analemba makalata asanu ndi awiri m'Chizungu chakupsa, mpaka akuluakulu anatopa nawo. Mvula itangosiya, chimbudzi chija chinagwetsedwa, dzenje n'kukwiriridwa. Asodzi anayamba kuthamangira kutchire, ena m'madzi momwemo, koma zimenezo a Tumbikani sizinawakhudze. Tsiku limene chimbudzicho chinagwetsedwa, iwo anapha tambala, n'kuvala tayi popanda mlendo.

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Atadikira masabata awiri aja, thirakitala inatulukira dzuwa lili pamutu. A Tumbikani mtima unakhala pansi, ndipo anathamangira kukhola kukagwira nkhuku ya Binali. Pobwerako, nkhuku ili m'khwapa, anasuzumira m'ngolo. Munali mbee.

"Iwe Binali, manyowa anga ali kuti?"

"Kulibe, aphunzitsi. Ndangobwera kudzakuuzani kuti musadikire. Lamulo la bungwe mukulidziwa, dera lililonse limalandira zochokera m'zimbudzi zake. Dera lanu lino chaka chino silinatulutse kanthu."

"Silinatulutse bwanji? Azungu asiya kudya? Maloji onsewa adzaza alendo!"

Binali anavula kachipewa kake n'kukanda m'mutu. Anayang'ana nkhuku ija mwachisoni, podziwa kuti imeneyi yokha siidyeka.

"Walahi, aphunzitsi, za kumaloji sitinatengepo n'kamodzi komwe. Zimadzaza mankhwala otsukira, zimawotcha mbewu. Zanu zonse, zaka zitatu zonsezi, ndinkapopa pagombe pompa, m'chimbudzi munagwetsetsa chija."