Makapisozi a Chilungulira

Mkazi wa telala anakhala pabenchi ya m'wodi atafumbata jumbo ya mankhwala, diso lili pa mlamu wake.

Mwamuna wake anali gone pabedi, pakamwa patakhota, dzanja logwira sizasi lija lili lende. Miyezi ingapo m'mbuyomo madokotala anamuika kachubu ka waya mumtsempha wa muubongo, n'kumupatsa mapiritsi oletsa magazi kuundana. Anamuchenjeza kuti akamadumphitsa, kachubuko katseka.

Sanadumphitse. Mkaziyo ankamumwetsa yekha m'mawa uliwonse, mpaka kumuyasamitsa ngati mwana. Kuchipatala kokha n'kumene bamboyo ankakana kuperekezedwa. "Usavutike, ndingodzerako popita kushopu."

Tsono dokotala anali atangowauza kuti kachubu katseka, ndipo magazi akuonetsa ngati munthuyo sanalawepo mapiritsiwo. Matupi ena amangokana okha, anatero, koma nthawi zina pamakhala mankhwala ena owafooketsa, makamaka makapisozi ena a chilungulira.

Chilungulira! Bamboyo ankalira nacho akangodya, kenaka chinangoti zii. Mkaziyo sanafunenso kuuzidwa. Mlamu wakeyu, mlongo wa telala, chikwama chake chinali famase yoyenda: mutu, msana, chimfine, zonse anali nawo mankhwala ake. Ndiponso kushopu kuja sankasowako. Zinamuwawa mpaka m'mafupa. Iye kulawirira m'mamawa kusamala munthu, wina n'kumapasula kuseri!

"Alamu, mwandilumalitsira mwamuna ndi chifundo chanucho," anatero mkaziyo.

 Mlamuyo anangowerama n'kumaseweretsa zipi ya chikwama, ndipo mkaziyo anati basi, wagwidwa ameneyu.

Namwino analowa kudzasintha diripi. Anayang'ana wodwalayo n'kupukusa mutu.

"Abambo awa ndi osamva. Makapisozi amenewo tinawaletsa pamaso pa akazi awo. Mayiwo anavomera okha kuti amawagawirako akamadya masana, poti iwonso pathupi paja pakuwapatsa chilungulira." Anatembenukira kwa mkazi wa telala. "Inu ndinu achemwali a bambowa eti? Aimbireni akazi awowo abwere, koma muwauze mwanzeru. Mwezi wawo ndi uno."

Jumbo ija inagwa pansi. Mlamuyo anali atatulutsa kale foni. Nambala ya mayi wapathupiyo anali nayo.