Kansanza M'lipenga

Madzi atasiya kutuluka pampopi, mayi wina anasiya zochapa za anthu zili m'beseni n'kupita kukadikira mwana wake ku holo ya bandi. Anapeza oimba atuluka kukapumako pang'ono. M'holomo munatsala mtsikana wake yekha. Anamuona akucheukacheuka ngati wakuba, kenako n'kutulutsa kansanza m'thumba la yunifolomu, n'kukakankhira m'lipenga mpaka kosaonekanso.

Kansanzako anakazindikira. Kanali ka thaulo lake lakale lomwe linasowa pachingwe. Lipengalo nalonso analiona bwinobwino: lothimbirira, lopindika kukamwa ngati chitini chopondedwa ndi galimoto. Pampando wina pambali pake panali lina lonyezimira. Sanachite kufunsa kuti la ndani ndi liti. Mwana wa wochapa zovala angamupatse chonyezimira ndani?

Anakhala phee pabenchi yakumbuyo, mtima ukuwira.

Sukulu inagwirizana ndi bandiyo kuti mwana aliyense wofuna kuimba azikhala pambali pa katswiri, aziliza limodzi mpaka khutu ndi mlomo zikhwime. Ochita bwino akanasankhidwa kumapeto kwa chaka kupita kusekondale yophunzitsa zoimba. Mwana wa mayiyo anamuika ndi bambo wina wachikulire amene ana ankawatchula kuti a Masaya, chifukwa akamauzira lipenga masaya ankafufuma ngati chule. A Masaya anakalambira m'bandimo. Banja analibe. Ankagona m'kachipinda kosungira zida zoimbira kuseri kwa holo, jekete la bandi ndilo linali chovala chawo cholongosoka. Mkulu wa bandi anali ndi lamulo lomwe ngakhale makolo analiloweza: wosaliza alibe mpando, alibe jekete, alibe chipinda.

Oimba anabwerera, nyimbo n'kuyamba. A malipenga ankakhala mzere wotsiriza, kuseri kwa ng'oma yaikulu ndi zoikapo mapepala a nyimbo, moti mayiyo ankangoona mitu. Koma makutu anali nawo. Kwina konse ana ankaphonya, mkulu wa bandi n'kumenya kamtengo kake patebulo, kuyambiranso. Pakona pa a Masaya panalibe kuphonya ngakhale kamodzi. Pankamveka lipenga limodzi lokha, losalala, lokwera bwino. Limodzi, pomwe pakhala anthu awiri.

Wophunzira wosalakwa ndiye kuti sakuphunzira. Zimenezo mayiyo sanafunikire sukulu kuti azidziwe.

Tsopano zonse zinayamba kulumikizana. Mwanayo ankabwera kunyumba milomo itatupa, osatha ngakhale kumwa tiyi wotentha. Nanga kuuzira chinthu chotsekedwa tsiku ndi tsiku, milomo ingalekerenji kutupa? Ndipo zinayamba liti? A Masaya atangotuluka m'chipatala, kamwa itapotokera kumbali, kampango kosachoka m'manja. Kuyambira pamenepo mwanayo ukamufunsa za bandi ankangoti zili bwino, maso ali pansi. Nkhalambayo, pofuna kuonetsa kuti idakalipo, sinafune kamwana kophonya kaziiwonongera nyimbo. Ndiye yamutseka pakamwa, iyo n'kumadya ulemu yokha.

Mayiyo sukulu anaisiyira panjira, atatha zaka ali kumbuyo kwa kalasi ngati chithunzi, popanda womufunsa kanthu. Wakeyu ayi. Tsiku losankha likadzafika adzaliza chiyani, kansanza?

Anadzuka nyimbo ili mkati, n'kuyenda mpaka kutsogolo. Zida zinaleka chimodzichimodzi.

“Pepani abwana, ndakudulani,” anatero. “Ine mwana ndinamutumiza kudzaphunzira, osati kudzakongoletsa mpando. Pakona apo likulira lipenga limodzi. Linalo muli kansanza, ndaona ndi maso angawa.”

“Amayi, chonde,” mawu a mwanayo anachokera kuseri kwa ng'oma. “Tikakambirana kunyumba.”

“Khala chete iwe. Ndikulankhulira iweyo.”

Mkulu wa bandi anaika kamtengo kake patebulo. “Mayi, lamulo lathu mukulidziwa?”

“Ndikulidziwa. Koma wosaliza ndi wina, wotsekedwa pakamwa ndi wina. Musandisokoneze.”

“Lipenga lake liti?”

“Lopindika kukamwa lija. Lothimbirira.”

Woimba ng'oma, bambo wa imvi, anaweramitsa mutu n'kuyamba kupukuta ndodo yake yomwe inalibe fumbi. Akuluakulu ena aja nawonso aliyense anapeza choyang'ana pansi. Mayiyo anaona zimenezo ndipo anati mumtima: onsewa akudziwa, agwirizana kupondereza mwana wa mphawi.

Mkulu wa bandi anadutsa pakati pa mipando pang'onopang'ono, mayiyo ali pambuyo pake. Anasuntha zoikapo mapepala zija. Mtsikanayo anali ataimirira, misozi ikutsikira pamilomo yotupa ija, atakumbatira pachifuwa lipenga lonyezimira.

Lopindika linali m'manja mwa a Masaya.

Mkulu wa bandi analowetsa zala, n'kusolola kansanza ka thaulo kaja. “Lizani, achikulire,” anatero motsitsa mawu.

A Masaya anafufumitsa masaya monga mwa nthawi zonse. Munatuluka mpweya ndi malovu basi, ngati tayala lobooka. Anaika lipengalo pampando mosamala, n'kuyamba kumasula mabatani a jekete.